Khoma Likutentha

"Kodi khomali layamba liti kutentha chonchi?"

Ndinafunsa chikhatho changa chili pakhomapo, koma palibe anandiyankha. Mayi anga, amene ine ndimawaitana kuti Nay ndipo anthu a m'kanjira kathu amati Aling Pacing, ankasankha mpunga m'lichero. Mchimwene wanga wamkulu, Kuya Dondon, ankadya atakweza phazi limodzi pampando, maso ali pa TV. Funso langa linazungulira m'nyumbamo ngati ntchentche mpaka linatulukira pazenera.

Khomalo ndi la matabwa opyapyala. Mbali ino ndi pabalaza, mbali inayo kuli bedi la Nay, ndipo iwo amagona mutu uli pomwepo. Pakhomapo pali kashelefu ka Santo Niño, kachiboliboli ka Yesu ali mwana kovala mkanjo wofiira. Pambali pake pali chithunzi cha malemu bambo, kenako changa cha tsiku limene ndinalandira digiri ya uphunzitsi. Chimene chinandigwiritsa khomalo ndi chithunzi changacho. Pulasitiki yake inali itapindika m'munsi, moti kamwa langa linkaoneka ngati la munthu amene wauzidwa nthabwala yosaseketsa.

Ndinkadziwa chimene chili kuseri kwa matabwawo. M'kanjira kathu kuno ku Navotas, nyumba yokhala ndi mita ya magetsi ndi yathu yokha. Bambo anaipeza kalekale, akampani asanayambe kufunsa mapepala a malo. Mitayo ili pamwamba pa pholo kumsewu, kumene anaipachika kuti manja athu asafikeko. Waya amatsika kuchokera kumeneko, kulowa m'khoma lathu, kudutsa kuseri kwa Santo Niño, kenako n'kugawikana ngati mizu ya kachere kupita m'nyumba zonse mpaka kumapeto kumene kanjira kamathera m'madzi. Waya ameneyo bambo anamugulira mababu ndi wailesi. Tsopano ankasenza mafani, ma TV, mapoto amagetsi ophikira mpunga, simbi zositira, ndi filiji yaikulu ya mafilizesi ya Ninang Bebang, mayi anga a ubatizo.

Ndinakulira pafupi ndi khoma limeneli osaliganizira. Ndinayamba kuliopa nditalowa sukulu ya zamagetsi.

Digiri ija sinandipatse kalasi. Malo a uphunzitsi amafuna wokugwira dzanja, ndipo ife tinalibe. Ndinagulitsa nsapato m'shopu yaikulu, kenako mafuta onunkhira, kenako nsapato kachiwiri. Paliponse ankatisunga miyezi isanu n'kutithokoza mwaulemu tisanayenere ntchito yokhazikika. Nditamva kuti kuli kosi yaulere ya kuika mawaya m'nyumba, ndinalembetsa. Kuya anaseka mpaka kutsamwa.

"Aphunzitsi athu akufuna kukwera mapholo! Nay, digiri ija tiigulire makwerero."

"Bola iye akuyesa," anatero Nay. "Iwe njinga yako ikafa, nawenso umafa nayo."

Kuya amanyamula anthu pa njinga yamoto ya matayala atatu. Imafa kawirikawiri.

Mphunzitsi wathu anali Sir Abellera, bambo wamfupi, wadazi, wa chala chimodzi chosapindika chimene ankalozera nacho chilichonse. Akazi m'kalasimo tinali ochepa, ndipo iwo ankatiitana tonse kuti "Miss" kuti asavutike ndi mayina. Tsiku lina anatenga waya woonda, n'kumulumikiza ku simbi, ketulo ndi chowumitsira tsitsi, zonse pamodzi. Anatiuza kuti tingodikira. Posakhalitsa chikopa cha wayayo chinayamba kufewa, kunyezimira, kenako kudontha.

"Nunkhizani," anatero. "Musaope, mphuno sizigwidwa shoko. Mukumva chiyani?"

"Nsomba, Sir," anayankha mnyamata wina.

"Nsomba yoyamba kuwola. Waya akamapsa mkati mwa khoma salira, satulutsa utsi, amangonunkha choncho. Mukamva fungo la nsomba m'nyumba mopanda nsomba, thamangirani ku switchi."

Ndinaseka ndekha m'kalasi monse. Sir anandiloza ndi chala chija.

"Chaseketsa n'chiyani, Miss?"

"Ndimakhala ku Navotas, Sir. Kuseri kwa doko la nsomba."

Iwo sanaseke.

Tsiku lomwelo anatiphunzitsa za buleka, kachipangizo kakuda kokhala ndi kandodo kokweza ndi kutsitsa. "Buleka ilibe chibale," anatero. "Waya akalemedwa imagwa n'kudula moto, kaya mukuphika, kaya mukubereka. Ikagwa musaitukwane. Ikukuuzani zoona."

Kunyumba kwathu kunalibe buleka. Kunali kabokosi ka dzimbiri pafupi ndi khomo, mmene kale munkakhala fyuzi. Fyuziyo inatopetsa anthu ndi kupsapsa kwake, ndiye wina anamangapo waya wonenepa wa mkuwa amene sakanapsa ngakhale nyumba yonse itapsa.

Ndinagula buleka. Ndinadikira mpaka namondwe atadutsa ndipo dera lonse lili lopanda magetsi, n'kuiika bwinobwino monga mwa buku: mawaya osendedwa mosavulaza mkuwa, masikuluwu omangitsa, chivundikiro chowongoka. Inali ntchito yanga yoyamba kunja kwa kalasi. Nay anaitana anansi kuti adzaone.

"Mwana wanga wa ubatizo ameneyu!" anatero Ninang Bebang, akusisita kabokosiko ngati mutu wa khanda. "Tili ndi injiniya m'kanjira muno." Anatembenukira kwa Nay, amene amaitanizana nawo kuti Mare. "Mare, wabereka."

Magetsi atabwera, buleka inagwira ntchito yake. Inagwa masana a tsiku loyamba lomwelo.

M'kanjira kathu aliyense amaphika mpunga nthawi imodzi, dzuwa likamayandikira pamutu, kuti pulogalamu ya masana ikamayamba pa TV akhale atakhala pansi ndi mbale. Nthawi yomweyo mafani onse amakhala akuzungulira, ana a sukulu ya masana akusitiridwa mayunifolomu, filiji ya Ninang ikubuula. Kunangomveka kuti tha! Kenako bata limene sindinalimvepo chibadwire. Kenako mawu a kanjira konse.

"Pacing! Magetsi!"

Ndinakweza kandodo. Inagwanso. Ndinadikira, n'kukwezanso. Mpunga wa nyumba zonse unapsa mbali imodzi.

Zinachitikanso mawa lake, ndi mkuja wake. Ine ndikakhala kusukulu, Nay ndi amene ankaima pa kabokosiko ndi chogwirira cha tsache, kukweza, kudikira, kukweza. Ana anayamba kutchula nthawiyo kuti belu la Jovy, potengera dzina langa. Ndikamadutsa ndi chikwama changa cha zida, amuna okhala pa kagolosale ankayamba kuseka ndisanafike.

"Injiniya! Lero muzimitsa nthawi yanji? Ndikufuna kumeta ndevu."

"Usamuputeputa, pare mnzanga, angakuikire buleka kuchipinda. Mlamu akangoti tiyambe, tha!"

Loweruka Ninang Bebang anabwera atanyamula ndowa. Ndinatenga dzanja lawo n'kuligunditsa pamphumi panga monga mwa ulemu, ndipo mphumi yanga inatsala yonata ndi madzi a mango. M'ndowamo munali mafilizesi osungunuka, akusambira ngati tinsomba takufa.

"Mulungu akudalitse, mwanawe," anatero, kenako n'kutembenukira kwa Nay. "Mare, taona. Ndiwagulitse ngati supu?"

"Ninang, buleka sinalakwe," ndinatero. "Waya ndi wochepa. Ikapanda kugwa, wayayo apsa m'khomamu."

"Wakhala osapsa chibadwire iwe. Wayamba kufuna kupsa iwe utalowa sukulu?"

"Wakhala akupsa pang'onopang'ono. Tagwirani apa."

Anagwira khomalo ndi nsonga za zala, ngati akuyesa ngati buledi ndi walero.

"Lafunda. N'chifukwa chake amayi ako sadwala chifuwa."

Ndinawapempha chinthu chimodzi chokha: kuti tizisinthana. Ena aziphika mpunga m'mawa, ena masana, zositasita zizichitika madzulo. Ndinayenda khomo ndi khomo. Aliyense anavomera. Kwathu kuno munthu sakukanira pamaso, makamaka ukakhala mwana wa mwini waya. Anandipatsa mpando, ena khofi, onse anati ndi nzeru yabwino kwambiri. Masana otsatira buleka inagwa pa nthawi yake.

Madzulo ake ndinalankhula ndi Nay tili awiri. Ankapinda zovala pabedi, msana atatsamira khoma lomwelo.

"Nay, tichotseko nyumba zina. Ngakhale filiji yokha."

"Uchotse ndani? Tchula dzina."

Ndinayang'ana zovala zimene ankapinda.

"Bambo ako atamwalira tinalibe ngakhale ya bokosi," anatero osandiyang'ana. "Anthu awa anayala matebulo panjapo n'kutchova makhadi usana ndi usiku, sabata yonse ndi kupitirira, kuti gawo la juga lizilowa m'chitini cha maliro. Bebang sadziwa n'kugwira makhadi komwe. Ankabwera kudzaluza dala. Lero ndikamuuze kuti filiji yake ikulemera?"

"Mutu wanu umagona pa waya ameneyu, Nay."

"Umagona pa Santo Niño."

Anapitiriza kupinda. Nay akamaliza nkhani sakweza mawu, amangowongola makona a thaulo.

Ndinakafunsa Sir Abellera anzanga atatuluka. Ndinawajambulira kanjira konse pabolodi, waya ndi nthambi zake. Anayang'ana ngati dokotala amene wapatsidwa chithunzi cha mapapo a munthu wosuta.

"Mankhwala ake mukuwadziwa, Miss. Nyumba iliyonse mita yake, waya wake."

"Akampani amafuna mapepala a malo."

"Ndipo mulibe."

"Malowo ndi a madzi, Sir. Tinangowabwereka."

"Waya wonenepa kuchokera pa pholo?"

"Akabwera kudzasintha aona nthambizo. Adula zonse, ndi mita yomwe."

Anafufuta bolodi pang'onopang'ono ndi chikhatho. "Ndakhala ndikuphunzitsa ana a m'tinjira ngati kanu kuyambira tsitsi lilipo. Aliyense amabwera ndi chithunzi chimenechi. Ndikuuzani zimene ndimawauza onse. Malizani kosi, tengani satifiketi, pitani kumene nyumba zimamangidwa ndi pulani. Kenako mudzawatenge amayi anu."

"Sangachoke."

"Amatero onse." Anapukuta choko pa thalauza. "Ndili ndi mnzanga ku Laguna, akumanga nyumba zambirimbiri zofanana. Amafuna anthu a manja aukhondo. Manja anu ndi aukhondo. Mukakhoza mayeso ndimuimbira foni."

Aka kanali koyamba munthu kundigwira dzanja. Ndinathokoza, ndipo m'jipini, minibasi yathu ya kuno, pobwerera ndinadzipeza ndikuganiza za makoma a simenti, ozizira, okhala ndi mapaipi a mawaya mkati mwake.

Lamlungu lotsatira kunali ubatizo wa mdzukulu wa Ninang. Anabwereka makina oimbira, aja a sipika zazitali ngati munthu, n'kuwaika pakati pa kanjira. Kuya Dondon ndi amene amatsegulira nyimbo pa chisangalalo chilichonse. Anasankha nyimbo yachikondi ya mawu okwera, anatseka maso, anagwira pamtima, anakoka mpweya kuti akwere pamwamba penipeni. Tha! Mawu ake anatuluka okha opanda chowaveka, owonda ngati a mbuzi yomangidwa. Kanjira konse kanagwa ndi phwete. Mtsikana amene Kuya ankamufuna anaseka mpaka kukhala pansi.

Kuya sanandilankhule tsiku limenelo. Pa chakudya anangoti, "Nay, uzani injiniya wanu andipatsire mchere."

Mayeso ndinakhoza. Anatipatsa bolodi, mapaipi ndi mawaya, ndipo woyesa atakweza switchi mababu anga onse anayaka monga mwa dongosolo. Anagwedeza mawaya anga kufuna kupeza lofooka, sanalipeze. Ndinabwerera kunyumba dzuwa lili pamutu, ndipo ndisanalowe m'kanjira ndinadziwa kuti china chasintha. Ma TV onse ankaseka pamodzi. Fungo la mpunga wakupsa bwino linali paliponse. Palibe ankaitana dzina la Nay.

Pa kabokosi kanga panali patayalidwa kansalu koluka, pamwamba pake maluwa apulasitiki. Ndinachotsa, n'kutsegula. Buleka inali pomwepo, yoyera bwino, kandodo kali m'mwamba. Kumbali kwake kunadutsa kachidutswa ka waya wonenepa, kochokera pamwamba kukalowa pansi, kuilambalala ngati mmene madzi amalambalalira mwala.

"Sitinaichotse," anatero Kuya ali kumbuyo kwanga. "Ndinati tichotse, Nay anakana. Akuti ndi ntchito ya manja ako, ikhale pomwepo anthu aziiona."

"Kuya, mukudziwa chimene mwachita?"

"Ndakonza magetsi popanda satifiketi. Nanga mayeso?"

"Ndakhoza."

"Nay! Wakhoza! Ndinanena ine kuti mwana uyu ndi mutu."

Anandikumbatira ndi mtima wonse. Ndi mmene alili Kuya.

Kachidutswako ndinakachotsa madzulo omwewo. Mawa lake kanabwerera. Ndinakachotsanso n'kukataya m'madzi, ndipo kanabwera kena konenepa kuposa koyamba. Tsiku lachitatu ndinapeza kabokosiko kali ndi loko, kiyi ali pa chingwe cha korona m'khosi mwa Nay.

"Nyumba ino ndi yanga, Jovelyn," anatero. Dzina lonse amalitchula kawirikawiri akafuna kuti ndisayankhe.

Ndinayesa kusuntha bedi lawo. Chipindacho n'chachikulu ngati bedi lomwelo. Ndinawapempha kuti tisinthane, iwo azigona pabalaza. Anati pabalaza pamadutsa makoswe ndipo msana wawo unazolowera kufunda.

Poyembekezera yankho la ku Laguna ndinalibe chochita masana, ndiye ndinapeza ntchito ina imene sinali m'buku la Sir. Dzuwa likamakwera ndinkaika chikhatho pakhoma. Likafunda ngati mphumi ya mwana wodwala, ndinkazimitsa fani yathu ndi TV, Nay akudandaula. Likafika poti chikhatho sichikhalitsa, ndinkatuluka. Ndinkapita kwa mayi wa ana ambiri a sukulu n'kubwereka simbi, kuti ndili ndi chovala chofunika msanga. Ndinkaisunga pansi pa tebulo mpaka mpunga wa anthu utapsa. Kenako ndinkalowa kwa Ninang kukacheza, kukhala pafupi ndi filiji, kufunsa za mdzukulu, chidendene changa chikukankha pulagi mpaka itatuluka. Pochoka ndinkagwetsa ndolo dala kuti ndiwerame n'kubwezera pulagiyo. Mafilizesi sasungunuka pa kanthawi kotero. Ndikabwerera kunyumba khoma linkakhala litatsikako.

Palibe anazindikira. Anthu anangoti Jovy wasintha, wayamba kucheza ndi anthu, sukulu ija yamutuluka m'mutu. Mayi wa simbi uja anauza Nay kuti ndiyenera kuti ndapeza mwamuna, chifukwa palibe mtsikana amasita tsiku ndi tsiku popanda chifukwa.

Sir Abellera anandiimbira foni Lachinayi. Mnzawo uja anavomera. Ndiyambe Lolemba, malo ogona alipo pamalo a ntchito pomwepo, kubwera kunyumba kamodzi pamwezi ngati ntchito yalola. "Musachedwe, Miss Jovelyn," anatero. Sindinkadziwa kuti dzina langa amalidziwa.

Nay analira pang'ono, kenako anayamba kuuza kanjira konse. Kuya anandigulira nsapato za chitsulo kutsogolo, zakale koma zolimba, zazikulu pang'ono. "Uzivala masokosi awiri. Ukalemera usatiiwale, injiniya. Ine ndikufuna njinga yatsopano, yofiira."

Lamlungu anandikonzera phwando lotsanzikana. Ninang Bebang anaphika pansiti, sipageti wathu wa kuno, wa ulusi wautali, wosadula, kuti moyo wanga utalike. Ena anabwera ndi mapoto awo a mpunga n'kuwalumikiza m'nyumba mwathu kuti usazizire. Makina oimbira aja anabweranso. Mafani a anansi anaikidwa pakhomo kuti alendo asavutike ndi thukuta. Chikwama changa chinali pakona, chomangidwa kale, pulayazi ndi tesita zili m'thumba la pambali.

Amuna a pa kagolosale anakweza matambula. "Kwa injiniya wathu! Akazimitse Laguna yonse!"

Ndinaseka nawo. Ninang anandipsompsona masaya onse awiri n'kunena kuti filiji yawo idzandisowa, chifukwa palibe wina amakonda kukhala nayo pafupi ngati ine. Mayi wa simbi anati tsopano ana ake azipita kusukulu osachita makwinya.

Kuya anatenga maikolofoni, nyimbo yomwe ija. Anakwera pamwamba penipeni, ndipo ulendo uno magetsi anamuperekeza mpaka kumapeto. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinalowa m'nyumba kukatenga mbale zina.

M'nyumbamo munkanunkha nsomba. Pa mbaula panali nsomba zokazinga, panja pankawomba mphepo yochokera kudoko. Ndinaima pakati pa pabalaza n'kununkhiza ngati galu, osatha kusiyanitsa. Chithunzi changa chinali chitapindika mpaka pachibwano. Ndinaika chikhatho pansi pa shelefu ya Santo Niño, n'kuchichotsa msanga.

Nay analowa atanyamula mbale ya pansiti. Anali atadzola milomo, chinthu chimene sanachite chimwalirire bambo.

"Ukutani muno wekha? Idya, mawa ulawira. Kuya wako akuperekeza kokwerera basi."

Ndinalandira mbaleyo n'kuiika patebulo. Ndinavula nsapato za chitsulo zija, zimene ndinavala kuti anthu azione, n'kuzikankhira pansi pa mpando.

"Nay," ndinatero, "ku Laguna sindipita."